KAMERA YABWINO NDI DISO LACE

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa February, anthu miyandamiyanda amasonkhana ku Mtenguleni, pa njira yocokera ku Chipata kunka ku Katete, kudzaona mwambo wa Nc'wala. Pamene impi za Angoni zilowa m'bwalo ndi zishango ndi zibonga, ndipo Nkhosi ya Makhosi Mpezeni alawa zoyamba kuca za m'munda, manja ambiri amakwezedwa m'mwamba, dzanja lililonse ndi foni yace yojambulira. Koma pakati pa khamulo pamaoneka anthu owerengeka onyamula makamera olemera, ena okhala ndi diso lalitali ngati mkono wa mwana. Ena mwa anthuwo ndi a nyuzipepala, amene kujambula ndiyo nchito yao. Koma ena sali otero ai. Ndi aphunzitsi, makalaliki, anamwino ndi alimi, ndipo palibe wowalipira. Anasunga ndalama zao miyezi yambiri kufikira anagula kamera, kawirikawiri yogwirapo kale nchito, cifukwa ca kukonda cabe.

Munthu angafunse kuti, “Kodi foni siijambula? Nanga kutayiranji ndalama zonsezo?” Funsoli ndi labwino. Yankho lace silili m'dzina lolembedwa pamphumi pa kamera, koma makamaka m'galasi lozungulira limene lili kutsogolo kwace, locedwa ndi ena lenzi, ndi ena diso la kamera. Wofuna kumvetsa cikondi ca anthu aja ayenera kuyamba wadziwa nchito ya diso limeneli.

Cipinda ca mdima

Kuwala kumadziwa kujambula kokha, popanda wokuphunzitsa. Mwana wa sukulu angathe kuyesa zimenezi tsiku lowala dzuwa. Alowe m'nyumba, atseke citseko ndi mazenera onse kuti mukhale mdima bii, koma asiye kaboo kamodzi kakang'ono kopenya kunja. Akayala nsalu yoyera moyang'anana ndi kabooko, nadikira kuti maso azolowere mdima, adzaona mitengo, nkhokwe ndi anthu odutsa panja ali pansalupo, koma cadodolido, miyendo m'mwamba. Cifukwa cace n'cakuti kuwala kumayenda molunjika, sikukhota. Kuwala kocokera ku nsonga ya mtengo kumalowa pa kaboo kulinga pansi, ndipo kocokera ku tsinde kumalowa kulinga m'mwamba. Munthu wanzeru wina wa Ciarabu, dzina lace Ibn al-Haytham, amene anakhala ku Cairo zaka ngati 1,000 zapitazo, analongosola bwino za cipinda cotere. Ndipo mau akuti kamera acokera ku Cilatini, m'mene tanthauzo lace ndi cipinda.

Ngakhale timawanga tozungulira timene timaoneka pansi pa mtengo wa mango masana ndi tizithunzi ta dzuwa lenilenilo, tolowera pa mipata ya masamba. Pa 21 June 2001, tsiku limene kadamsana anadetsa mzinda wa Lusaka dzuwa likali m'mwamba, timawanga totere tinasanduka tonga mwezi wokhala kumene, potsata maonekedwe a dzuwa pamene linali kuphimbika.

Koma kaboo kali ndi bvuto lace. Kakacepa, cithunzi cimaoneka bwino m'mphepete mwace koma n'cakuda, pakuti kuwala kolowa n'kocepa. Kakakula, cithunzi cimawala koma cimasokonezeka ngati cinthu coonedwa m'nkhungu. Anthu anapeza mankhwala a bvutoli poika pa boo lalikulu galasi lonenepa pakati ndi lopyapyala m'mbali. Galasi lotere limakhotetsa kuwala konse kocokera pa malo amodzi ndi kukusonkhanitsanso pa malo amodzi. Ndi galasi la mtundu womwewo limene ana amayatsira udzu wouma poliloza ku dzuwa, ndiponso ndilo lili m'mandala a agogo owerengera Baibulo. Mau akuti mandala ali ndi mbiri yao: anthu a ku Blantyre anacha John Moir wa kampani ya African Lakes dzina limeneli cifukwa ca magalasi amene anali kubvala m'maso, ndipo pambuyo pace sitolo za kampaniyo zinachedwanso Mandala.

Kugwira cithunzi kuti cisathawe

Kuona cithunzi pansalu ndi kwina, kucigwira kuti cikhale ndi kwinanso. Mfalansa wina, Nicéphore Niépce, ndiye anakhoza kutero coyamba ca m'ma 1826, pojambula madenga ooneka pa zenera la nyumba yace. Koma kamera yace inayenera kupenya malo amodzi maora ambiri. Mu 1839 Louis Daguerre anaulula ku Paris njira yacangu, ndipo caka cimeneco cimawerengedwa ngati ciyambi ca kujambula. Angoni a Zwangendaba anali ataoloka kale Zambezi mu 1835, tsiku limene kunagwanso kadamsana. Palibe cithunzi ca kamera ca kuolokako, kapena ca nkhope ya Zwangendaba mwini wace. Zimene zidziwika za iye zinasungidwa m'kamwa mwa akuluakulu.

Kamera inafika m'maiko a kuno patapita zaka makumi awiri. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, nchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wace Charles, koma zithunzi zace zimene zinatsala n'zocepa. Amene anakhoza bwino anali John Kirk, sing'anga wa ulendowo ndi katswiri wa zomera, amene ananyamula kamera yaceyace ndi kujambula mwa kukonda kwace. Iye anali kujambulira pa mapepala opakidwa phula ndi mankhwala, amene anali kumva kuwala mocedwa, kotero kuti cinthu cinayenera kuima cilili mphindi zingapo. N'cifukwa cace zithunzi zace zambiri ndi za mitengo, nyumba ndi ngalawa, zinthu zosathawa. Zithunzizo zikusungidwabe ku Britain, ndipo zili m'gulu la zithunzi zakale koposa za cigawo cino ca Africa.

Katundu wa wojambula masiku amenewo anali wolemetsa: bokosi lalikulu la matabwa, miyendo yace itatu, magalasi, mabotolo a mankhwala, ndi hema wa mdima. Kalaliki wina wa ku banki mu mzinda wa Rochester ku America, George Eastman, anagula katundu wotere kuti azijambula pa chuthi, naona kuti n'ngosanyamulika. Anayamba kuyesa njira zina usiku ataweruka, ndipo mu 1888 anaturutsa kamera yocedwa Kodak, yokhala ndi filimu yokulunga yokwana zithunzi 100. Mu 1900 anaturutsa Brownie, kabokosi ka pepala lolimba kogulidwa ndi dola imodzi, kamene ngakhale mwana anali kutha kujambulira. Brownie inali ndi kagalasi kamodzi kokha. Inali kujambula bwino munthu woima duu pa dzuwa, koma madzulo, kapena cinthu cikamathamanga, inali kulephera.

Cifukwa cace diso labwino libvuta kupanga

Galasi limodzi lokha silingapereke cithunzi cangwiro, ngakhale litapalidwa bwino cotani. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwace muli mitundu yonse ya utawaleza, ndipo galasi limakhotetsa mtundu wobiriwira ngati thambo kwambiri kuposa wofiira. Cotero mitunduyo siikumana pa malo amodzi, ndipo m'mphepete mwa cinthu cojambulidwa mumaoneka timizere tofiirira kapena tobiriwira. Palinso zilema zina. Kuwala kolowera m'mbali mwa galasi sikugwera pamodzi ndi kolowera pakati. Khoma loongoka lingaoneke lopindika ngati mimba ya mtsuko. Nkhope ya munthu woima pakati ingaoneke bwino pamene anzace a m'mbali ali mbuu.

Amisiri anapeza kuti cilema ca galasi limodzi cingathe kucotsedwa ndi cilema cotsutsana naco ca galasi lina. Mu 1758 John Dollond wa ku London anayamba kugulitsa magalasi awiri ophatikizidwa, limodzi la galasi wamba, lina la galasi lolemera losakaniza ndi mtobvu, ndipo awiriwo pamodzi anali kubweza mitundu ija pa malo amodzi. Koma kwa zaka zambiri nchitoyi inali ya mwai: mmisiri anali kupala magalasi ambiri ndi kuwayesa mmodzimmodzi kufikira atapeza ogwirizana.

Zinthu zinasintha mu mzinda wa Jena ku Germany, kumene Carl Zeiss anatsegula nyumba yace ya nchito mu 1846. Iye anaitana mphunzitsi wa masamu, Ernst Abbe, kuti awerengere pa pepala njira ya kuwala m'galasi, galasilo lisanapalidwe. Masamu a Abbe anaonetsa kuti pafunika mitundu ya galasi imene kunalibe pa dziko, ndipo munthu wacitatu, Otto Schott, anayamba kusungunula mcenga pamodzi ndi mankhwala osiyanasiyana kufikira anaipanga. Mu 1902 Paul Rudolph, wa nyumba yomweyo, anakonza diso la magalasi anai locedwa Tessar. Linali kuona bwino kotero kuti analipatsa dzina lakuti Diso la Ciombankhanga, ndipo mafakitale ambiri anatsanzira kapangidwe kace kwa zaka zambirimbiri. Apa mwana wodana ndi masamu aime pang'ono: diso lochuka cotere linabadwira pa pepala, ndi pensulo, kunalibe kompyuta.

Masamu akatha, nchito ya manja iyamba. Galasi losungunuka limaziziritsidwa pang'onopang'ono, masiku ambiri, kuti lisakhale ndi thobvu kapena msempha m'kati. Kenaka limadulidwa ndi kuperedwa, monga mai apera mawere pa mphero, poyamba ndi ufa wokhakhala, kenaka wosalala, kenaka wosalala koposa, kufikira nkhope yace itapindika monga masamu ananenera. Kulakwa kololedwa sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pomaliza magalasi onse amaikidwa m'mtsuko wa mkuwa kapena wa aluminiyamu, lililonse pa mpando wace, mitima yao ili pa mzere umodzi. Limodzi likapendekeka pang'ono, mbali imodzi ya zithunzi zonse za kamerayo idzakhala yosaoneka bwino masiku onse.

Wopenyetsetsa diso la kamera yabwino adzaona kuti likunyezimira mofiirira kapena mobiriwira, ngati mafuta otayikira pa madzi. Umenewo si utoto wokometsera. Nkhope iliyonse ya galasi losapakidwa imabweza magawo 4 mwa magawo 100 a kuwala kofika pa iyo. Diso longa Tessar lili ndi nkhope zisanu ndi imodzi zokhudzana ndi mpweya, cotero linali kutaya ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala konse. Coipa cina n'cakuti kuwala kobwezedwako kunali kuyendayenda m'kati mwa kamera ndi kucititsa cithunzi kutuwa. Mu 1935 Alexander Smakula, wa ku Zeiss komweko, anapeza njira yokuta galasi ndi kakhungu kopyapyala ngati gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita, kamene kamaletsa kubwezako. Popanda kakhungu kameneka sikukanatheka kupanga maso a masiku ano, amene ena ali ndi magalasi 15 kapena 20 m'kati mwao.

Kamera ya munthu wa mphumu

Ku Wetzlar, mzinda winanso wa ku Germany, kunali mmisiri wa makina dzina lace Oskar Barnack, wogwira nchito kwa Ernst Leitz. Iye anali kukonda kuyenda m'mapiri ndi kujambula, koma anali kudwala cifuwa ca mphumu, ndipo bokosi lolemera linali kummaliza mpweya. Ca m'ma 1913 anadzipangira kakamera ka citsulo kolowa m'thumba la jekete, kogwiritsa nchito filimu ya kanema. Cithunzi ciliconse pa filimuyo cinali ca mamilimita 24 m'lifupi ndi 36 m'litali, cosaposa bokosi la macesi. Nkhondo yaikulu inacedwetsa nchitoyo, ndipo kamerayo inayamba kugulitsidwa mu 1925 ndi dzina lakuti Leica.

Nzeru ya Barnack inali yakuti kacithunzi kakang'ono kangathe kukulitsidwa pambuyo pace pa pepala lalikulu. Koma pokulitsa cithunzi, zilema zace zimakulanso. Cotero kakamera kakang'ono kanafuna diso labwino kuposa la kamera yaikulu, ndi makina osalakwa ngati a wochi. Kuseri kwa diso kuli cikope, cimene cimatseguka ndi kutsekeka munthu akadina. Pa Leica yoyamba cikopeco cinali kutha kuphethira m'gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. Kuti ciphethire mofanana lero ndi mawa, m'cisanu ca June ndi m'kutentha kwa October, pafunika timawilo ndi timasipuling'i tosulidwa mosamala. Nkhondo yaciwiri itatha, amisiri a ku Japan anaphunzira luso limeneli nalipitiriza. Nikon F inaturuka mu 1959, ndipo Pentax Spotmatic mu 1964, caka cimene Zambia inalandira ufulu. Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 kufikira 1997, inaphunzitsa ana a sukulu ambiri kujambula m'maiko osiyanasiyana, ndipo cikope cace cimayenda popanda batire.

Manambala a pa diso

Pa diso lililonse pamalembedwa manambala awiri. Yoyamba imanena kutalika kwace m'mamilimita. Diso la 50 limaona zinthu pafupifupi monga munthu azionera. La 28 limaona malo otakata, ndipo ndilo loyenera wofuna kujambula mzinda wonse wa Chipata ataima pa phiri la Kanjala. La 400 limaona kamalo kocepa, koma limakulitsa cinthu kasanu ndi katatu kuposa la 50.

Nambala yaciwiri imanena kukula kwa khomo lolowera kuwala. M'kati mwa diso muli timasamba ta citsulo timene timakulitsa kapena kucepetsa khomolo, monga mwana wa diso la mphaka amakula usiku ndi kucepa masana. Nambalayi imapezeka pogawa kutalika kwa diso ndi kutambalala kwa khomo. Diso la 50 lokhala ndi khomo la mamilimita 25 limalembedwa f/2. Cotero nambala ikacepa ndiye kuti khomo n'lalikulu, ndipo kamera ingathe kujambula dzuwa litapendeka. Tsono wodziwa kugawa angaone yekha cifukwa cace maso ena n'ngodula kwambiri: kuti diso la 400 likhale f/2.8, galasi lace lakutsogolo liyenera kutambalala masentimita 14 ndi kanthu, ngati mbale ya ndiwo, ndipo mbale yonseyo iyenera kuperedwa mosalakwa.

Ku Malambo

Malo amene maso otere aonetsa mphamvu yao ali pafupi ndi Chipata. Msewu wa ku Mfuwe, wa makilomita ngati 130, umatsikira ku cigwa ca Luangwa, cimene eni ace amacha Malambo. Kale alendo anali kupita kumeneko ndi mfuti. Norman Carr, amene pa unyamata wace anali pa nchito ya boma yopha njobvu zoononga minda, anaona kuti nyama yophedwa imapindulitsa kamodzi kokha, pamene yamoyo ingajambulidwe ndi alendo ambiri caka ndi caka. Mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule gawo la dziko lace likhale la nyama, ndipo anamangako msasa wa alendo obwera ndi makamera. Ndalama zolowa zinali kupita ku thumba la Akunda. Pambuyo pace Carr anayambitsanso maulendo oona nyama poyenda pansi, amene anachukitsa cigwaco pa dziko lonse. South Luangwa inakhala paki ya dziko (national park) mu 1972, ndipo Carr anamwalira mu 1997.

Wojambula nyama sangathe kuuza mkango kuti usendere kapena kuti uyembekeze. Njobvu ya mwana siilola munthu kufika pafupi. Nkhwazi, mbalame ya pa mbendera ya Zambia, imatera pa mtengo wouma tsidya lija la mtsinje. Kambuku amatsika mumtengo dzuwa litalowa, kuwala kutatsala pang'ono. M'miyezi ya September ndi October mbalame zofiira za mtundu wa fulagombe zimabwera zambirimbiri kudzakumba mauna m'magombe a Luangwa, ndipo kuti mapiko ao aoneke nthenga imodziimodzi zili kuuluka, cikope ciyenera kuphethira m'gawo limodzi mwa magawo 2,000 a sekondi, kapena mwacangu kuposa apo. Kanthawi kocepa cotero kamafuna khomo lalikulu. Apa ndipo pamene foni imagonja. Diso lace n'laling'ono ngati njere ya nandolo, ndipo ngakhale limajambula bwino ukwati kapena msika wa Kapata masana, nkhwazi ya tsidya lija imaturuka ngati kadontho koyera. Mwini foni akakakulitsa ndi zala, kamangosanduka banga.

Nyamalikiti wa ku Luangwa ndi wa mtundu wosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo mawanga a nyamalikiti aliyense ndi akeake, osafanana ndi a mnzace. Momwemonso akambuku. Cotero cithunzi cooneka bwino cimathandiza osunga nyama kuzindikira nyama imodziimodzi ndi kudziwa ngati ikali moyo. Cithunzi ca mbuu sicingagwire nchito imeneyi.

Cimene cikopa mtima

Masiku ano makamera ambiri alibe filimu. Mu 1975 Steven Sasson, wa kampani ya Kodak, anapanga kamera yoyamba yosunga cithunzi ngati manambala. Inali yolemera makilogalamu oposa 3, ndipo inali kutenga masekondi 23 kusunga cithunzi cimodzi copanda mitundu. Lero m'malo mwa filimu muli kambale komva kuwala. Koma kambaleko kangathe kulandira cokhaco cimene diso lakapatsa. Thupi la kamera ya magetsi limakalamba msanga, pakuti caka ndi caka kumaturuka latsopano. Diso labwino silitero. Maso a Leica opangidwa mu 1954 amalowabe pa makamera a Leica a lero, ndipo maso akale a ku Japan amamangiriridwa ku makamera atsopano ndi kamphete kolumikizira. Munthu angathe kujambula mdzukulu wace ndi galasi lopalidwa iye mwini asanabadwe.

Ici ndi cimodzi ca zinthu zokopa ojambula osalipidwa aja. Cina ndi kukhulupirika. Wojambula wolipidwa akaphonya lero adzapitanso mawa, pakuti ndiyo nchito yace. Koma mphunzitsi amene wasunga ndalama caka conse kuti akagone masiku awiri ku Mfuwe sadzaonanso kambuku yemweyo pa nthambi yomweyo. Agogo obvina ngoma pa Nc'wala ya caka cino kapena sadzabvina caka ca mawa. Munthu wotere afuna cida cimene cidzacita cimene iye wafuna pa kamphindi komweko. Ndiponso pali kukoma kwa cinthu copangidwa bwino, kumene mlimi amakudziwa pogwira khasu la mpini wokhazikika, ndi telala popalasa makina osadula ulusi. Mphete ya diso labwino imazungulira mofewa, yosagwedera ndi yosauma, ndipo cala cimadziwa cokha poimira.

Koma cikondi cimeneci cili ndi matenda ace. Alipo anthu amene amatha madzulo onse kukangana za maina a makamera ndi kupukuta magalasi, koma osajambula kanthu. Alipo ena oganiza kuti kamera yodula idzawapatsa maso, osadziwa kuti kamera siisankha poima, siidikira kuwala kwa m'mawa, ndipo siidziwa nkhope imene ili ndi nkhani. M'nyumba zambiri za ku Chipata, Katete ndi Lundazi muli tizithunzi takale totuwa, tojambulidwa ndi mabokosi ochipa masiku amene mzindawu unali kuchedwa Fort Jameson, ndipo eni ace sangatisinthanitse ndi kamera iliyonse.

Diso lalitali lilinso ndi ciyeso cace, pakuti limatha kuba nkhope ya munthu iye osadziwa. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana mwezi wa August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, Gule Wamkulu amaturuka poyera ndipo ambiri amajambula. Koma ku dambwe si malo a kamera, ngakhale diso litatha kufikako lili patali. Pa maliro, pa cinamwali, ngakhale pa msika, wojambula waulemu amayamba wapempha.

Kugula ndi kusunga

Popeza makamera atsopano n'ngodula, ambiri amagula ogwirapo kale nchito, ndipo wogula wocenjera safulumira. Amacotsa diso ndi kulipenyera ku nyali, kuona ngati muli ming'alu, nkhungu kapena timizu toyera tonga ukonde wa kangaude. Amazunguza mphete zonse kuti amve ngati zikukhulana ndi mcenga. Amayang'ana timasamba ta khomo ngati tili touma, pakuti tikalowa mafuta timatsekeka mocedwa. Ngati ndi kamera ya filimu, amatsegula kumbuyo ndi kudina pa liwiro lililonse, nachera khutu: pa sekondi imodzi cikope ciyenera kutseguka ndi kutsekeka popanda kudodoma. Zokanda za pa thupi sizibvuta ai. Kamera yoyera m'makona cifukwa ca kugwiridwa ingakhale yabwino kuposa yonyezimira imene yagona m'bokosi zaka khumi.

Adani a diso m'dziko lino ndi awiri, wa m'cilimwe ndi wa m'dzinja. Wa m'cilimwe ndi fumbi. Fumbi la pa msewu ndi timiyala tating'onoting'ono, ndipo wopukuta galasi ndi malaya amalipera ngati ndi mcenga, nacotsa kakhungu kaja kamene sikabwezeka. Fumbi liyenera kuuziridwa ndi kampira kopopera mpweya, kapena kusesedwa ndi kaburashi kofewa, ndipo pambuyo pace pokha ndi pamene galasi lipukutidwa ndi kansalu kace koyera. Wa m'dzinja ndi cuku, comwe cija cimene cimaononga cimanga ndi nshawa zosauma bwino. Timizu toyera tija ndi cuku cimeneci. Cimakonda mdima, cinyezi ndi mpweya wosayenda, cimamera pakati pa magalasi, ndipo cikakhalitsa cimadya nkhope ya galasi kotero kuti ngakhale mmisiri atacicotsa, zipsera zimatsala. Cotero m'miyezi ya January ndi February kamera siiyenera kutsekeredwa m'cikwama ca cikopa kapena m'sutukesi pansi pa kama. Isungidwe m'citini cotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta mankhwala oyamwa cinyezi, tonga timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo mvula ikakata iziturutsidwa kuti ipitidwe mphepo ndi kuona kuwala.